Chithunzi chimene mwaika pa webusayiti si chimene anthu amaona mukasheya linki

Amene amayendetsa mawebusayiti a nkhani, a malonda kapena a mabungwe vutoli amalidziwa. Pa tsamba chithunzi chili bwinobwino, chowala, chathunthu. Koma linki ya tsambalo ikangoponyedwa pa Facebook, munthu wa pachithunzipo wadulidwa mutu. Pa WhatsApp chithunzi palibe n'komwe, pangotuluka timawu tabuluu. Pa Pinterest chaoneka kakang'onong'ono pakati pa zithunzi zitalizitali za anthu ena. Ndiye mwini tsamba akachisintha, Facebook ikupitirizabe kuonetsa chakale chija ngati sinamve.

Zonsezi gwero lake ndi limodzi. Masamba a mchezo saonetsa fayilo yanu yeniyeniyo. Amatuma pulogalamu yawo kuti ikaitenge, kenako amaidula kuti ikwane m'malo awo, amaifinya kuti ipepuke, n'kusunga kope lawolawo. Chimene anthu amaona ndi kope limenelo. Choncho kukonza zithunzi kuti ziziyenda bwino pa masambawa kumayamba ndi kudziwa zimene zimachitikira chithunzi pa ulendo umenewu.

Amasankha chithunzi ndani?

Mukalemba linki pa Facebook, kaloboti kotchedwa facebookexternalhit kamapita pa tsamba lanu n'kuwerenga khodi yake. X (imene kale inali Twitter) ili ndi kake kotchedwa Twitterbot, Pinterest nayo ili ndi kake. Timalobotiti sitiyang'ana tsamba ngati mmene munthu amachitira. Timafufuza mizere yochepa yobisika kumutu kwa khodi ya HTML, imene imanena mutu wa nkhani, mawu oifotokoza ndi chithunzi choti chionetsedwe.

Dongosolo la mizereyi limatchedwa Open Graph, ndipo anayambitsa ndi a Facebook mu 2010. Kale Facebook inkangotola chithunzi chilichonse chimene yachipeza pa tsamba, kaya ndi logo, kaya ndi chithunzi cha malonda a munthu wina. Open Graph inapereka mphamvu kwa mwini tsamba kuti anene yekha. Mzere wa chithunzi umaoneka chonchi:

`<meta property="og:image" content="https://example.com/zithunzi/mpando.jpg">`

Anzake ndi og:title, og:description ndi og:url. Lero mizere yomweyi imawerengedwanso ndi WhatsApp, LinkedIn, Telegram ndi Pinterest. Twitter, imene inasintha dzina kukhala X mu 2023, inabweretsa dongosolo lake mu 2012, koma ikapanda kupeza mizere yake imagwiritsa ntchito ya Open Graph. Chimene imafunabe ndi mzere umodzi wotchedwa twitter:card, ndipo kuti chithunzi chituluke chachikulu mumalembapo summary_large_image. Popanda mzerewu chithunzi chachikulu chija sichituluka.

Ambiri salemba mizereyi pamanja. Pa WordPress, pulogalamu yopangira mawebusayiti, mapulogalamu owonjezera monga Yoast SEO ndi Rank Math amailemba okha, ndipo amapereka malo oikapo chithunzi chapadera cha masamba a mchezo. Koma ikani imodzi yokha. Mapulogalamu awiri akamalemba mizereyi limodzi, tsamba limakhala ndi og:image ziwiri zosiyana, ndipo simungadziwe chimene loboti itatole.

Zolakwika zofala pano ndi zing'onozing'ono. Adiresi ya chithunzi iyenera kukhala yathunthu, kuyambira pa https mpaka kumapeto, kungolemba /zithunzi/mpando.jpg sikokwanira. Mizereyi iyenera kupezeka mu HTML imene seva, kompyuta yosunga webusayiti, imatumiza poyamba, chifukwa maloboti ambiri sadikira JavaScript, khodi imene imagwira ntchito tsamba likatseguka, kuti iwonjezere zinthu pambuyo pake. Ndi bwinonso kuikapo og:image:width ndi og:image:height. A Facebook amafotokoza okha kuti linki ikamasheyedwa koyamba, chithunzi chikhoza kusatuluka chifukwa loboti sinamalize kuchiyeza. Mizere iwiriyi imaiuziratu kukula kwake.

Wina angafunse kuti bwanji osangosintha chithunzicho pamanja posheya? Kale zinkatheka. Mu 2017 Facebook inachotsa mwayi woti aliyense azisintha mutu ndi chithunzi cha linki, pofuna kuchepetsa anthu amene ankatenga linki ya nyuzipepala yeniyeni n'kuivika mutu wabodza. Chiyambire nthawi imeneyo zonse zimadalira zimene zalembedwa pa tsamba lenilenilo.

Mapikiselo ndi kaimidwe ka chithunzi

Chithunzi cha pa sikirini ndi timadontho ta mitundu tondandalikidwa m'mizere, totchedwa mapikiselo. Tikati 1200 x 630, nambala yoyamba ndi madontho kuchokera kumanzere kupita kumanja, yachiwiri kuchokera pamwamba kupita pansi. Nambala ya DPI, monga 72 kapena 300, ili ndi ntchito posindikiza pa pepala basi. Pa foni ndi pa kompyuta ilibe kanthu, musataye nayo nthawi.

Kaimidwe ndiye mmene mbali ziwirizi zikufananirana: chogona, choimirira kapena chofanana mbali zonse. Apa ndi pamene mitu ya anthu imadukira. Zili ngati kupereka chitenje chimodzi kwa telala kuti asokepo malaya, n'kupereka china chonga chomwecho kuti asokepo siketi. Aliyense amadula molingana ndi patani yake, ndipo duwa lalikulu limene linali m'mphepete mwa nsaluyo limatsala pansi pa tebulo. Masamba a mchezo nawonso ali ndi mapatani awo, ndipo sagwirizana.

Facebook imafuna chithunzi cha linki chogona, cha 1200 x 630, kapena kuti 1.91:1. Chikachepera 600 x 315 imachionetsa kakang'ono pambali, ndipo chochepera 200 x 200 siichilandira. LinkedIn imafuna pafupifupi muyezo womwewo. X imadula pa 2:1, zimene sizisiyana kwenikweni. Ndiye chithunzi chimodzi cha 1200 x 630 chimakwanira masamba atatuwa.

Vuto n'lakuti mafoni sajambula motero. Foni yambiri imajambula pa 4:3, mwachitsanzo 4000 x 3000. Kuti chithunzi chotere chikwane pa 1.91:1, pamatsala mapikiselo pafupifupi 2094 pa 3000 aja, kutanthauza kuti pafupifupi magawo atatu mwa magawo khumi atayika, theka pamwamba theka pansi. Ngati munajambula foni itaimirira, 3000 x 4000, pamatsala mapikiselo 1571 okha pa 4000. Tiyerekeze kuti ndi chithunzi cha mpando woluka ndi nsungwi, wa mtundu umene ogulitsa zokongoletsera m'nyumba ku South Africa ndi ku Ulaya amautcha Malawi chair. Chimene chingatsale ndi pokhalira ndi zogwirira manja. Chotsamira chozungulira chija, pamene pali luso lonse la kalukidwe, chapita, miyendonso yapita. Makina amadula poyambira pakati, sadziwa kuti chofunika chili pati.

Pinterest ndi yosiyana kotheratu. Inayamba mu 2010, ndipo imandandalika zithunzi m'mizere yotsika yokhala ndi m'lifupi mofanana, msinkhu wokha ndi umene umasiyana. Kampaniyo imalimbikitsa 2:3, monga 1000 x 1500, ndipo imachenjeza kuti zotalika kuposa pamenepa zikhoza kudulidwa. Mukaika chithunzi cha 1200 x 630 pambali pa cha 2:3 mu mzere womwewo, chachiwirichi chimatenga malo pafupifupi katatu. N'chifukwa chake mawebusayiti a zophika ndi a zokongoletsera nyumba amapanga chithunzi china choimirira cha Pinterest yokha. Munthu akadina batani la Save, Pinterest imamuonetsa zithunzi za pa tsambalo kuti asankhe. Mwini tsamba akhoza kulemba data-pin-media pa chithunzi chogona kuti chimene chisungidwe chikhale china choimirira, kapena data-pin-nopin pa zithunzi zimene sakufuna kuti zizisankhidwa, monga logo. Palinso ma Rich Pins, amene anabwera mu 2013, amene amatenga mutu wa nkhani, mtengo wa katundu kapena zofunika pophika kuchokera pa mizere ya Open Graph kapena ya Schema.org, dongosolo lina la mizere yofotokoza tsamba.

Instagram nayo ili ndi khalidwe lake. Siitenga chithunzi kuchokera pa linki n'kuchipanga positi, ndipo linki yolembedwa m'mawu a pansi pa chithunzi siidinika. Mumakweza chithunzicho nokha, linki n'kuiika pa bio kapena pa sitika ya mu Story. Kuyambira 2010 mpaka 2015 inkalandira zofanana mbali zonse zokha. Mu August 2015 inalola zogona mpaka 1.91:1 ndi zoimirira mpaka 4:5, ndipo kwa zaka zambiri 1080 x 1350 ndiye unali muyezo wodalirika. Mu 2025 inasintha timabokosi ta pa profile kukhala toimirira, n'kuyambanso kulandira zithunzi za 3:4. Amene anakonza zithunzi zawo mosamala kuti zizioneka bwino m'timabokosi tofanana mbali anapeza zitadulidwa m'mbali.

Za Story ndi Status ya WhatsApp muyezo ndi 9:16, kapena 1080 x 1920. Siyani mapikiselo pafupifupi 250 pamwamba ndi pansi opanda mawu, chifukwa m'menemo mumakhala dzina la akaunti ndi malo oyankhira.

Ngati mulibe nthawi yopanga zithunzi zitatu, njira ndi kuika chofunika chonse pakati. Chithunzi cha 1200 x 630 chikadulidwa kukhala kabokosi, monga mmene WhatsApp imachitira nthawi zina, pamatsala mapikiselo 630 apakati, ndipo 285 a kumanzere ndi 285 a kumanja amapita. Nkhope, mawu ndi logo zikhale mkati mwa 630 amenewo. Ndipo pojambula penipeni, bwererani m'mbuyo pang'ono kuti chinthucho chikhale ndi mpata mbali zonse. Kudula n'kosavuta, koma zimene kamera sinajambule simungazibweze.

Kulemera kwa fayilo ndi kufinya

Kukula kwa chithunzi ndi kulemera kwake ndi zinthu ziwiri. Chithunzi cha 1200 x 630 chili ndi mapikiselo 756,000. Lililonse limafuna ma byte atatu, la kufiira, la kubiriwira ndi la buluu, choncho chosafinya chimalemera pafupifupi 2.2 MB. Chikafinyidwa bwino chimatsika kufika pa 100 mpaka 200 KB popanda diso kuona kusiyana.

Mtundu wa fayilo ndi umene umanena kafinyidwe kake. JPEG, imene inakhazikitsidwa mu 1992, imagawa chithunzi m'timabokosi ta mapikiselo 8 x 8 n'kutaya tinthu timene diso silitiona msanga. Zimene yataya sizibwereranso. Imasunga bwino kuwala ndi mdima koma kawirikawiri imachepetsa tsatanetsatane wa mitundu, poti diso la munthu limazindikira kwambiri kuwala kusiyana ndi mtundu. Pa chithunzi cha nyanja kapena cha nkhope, zimenezi sizioneka. Koma taonani positala ya msonkhano yolembedwa zilembo zofiira pa buluu: m'mphepete mwa chilembo chilichonse mumaoneka ngati utoto wanyowa, ndipo pozungulira pake pamakhala timadontho tonga udzudzu. Zofiira ndi buluu zimasiyana mtundu koma kuwala kwake n'koyandikana, ndiye JPEG imasowa chogwira. Zilembo zoyera pa mtundu wakuda, kapena zakuda pa woyera, zimapirira kwambiri.

PNG, ya mu 1996, siitaya kanthu, ndipo ndi yabwino pa logo, ma chart ndi zithunzi za mawu okhaokha. Koma chithunzi cha kamera chikasungidwa ngati PNG chimalemera kangapo kuposa JPEG. PNG imalolanso kuti kumbuyo kukhale koonekera, zimene zimabweretsa vuto lina: logo yakuda yopanda kumbuyo imasoweratu pa foni ya munthu amene anaika sikirini yakuda. Chithunzi cha og:image chizikhala ndi mtundu wake wakumbuyo nthawi zonse.

WebP inatulutsidwa ndi Google mu 2010, ndipo malinga ndi kuyeza kwa kampaniyo imapepuka ndi 25 mpaka 34 peresenti poyerekeza ndi JPEG yooneka mofanana. Inatenga nthawi kuti ifale. Safari, browser ya Apple, inayamba kuilandira mu 2020, WordPress mu 2021. AVIF ya mu 2019 imafinya kuposa pamenepo. Mkati mwa tsamba mitundu iwiriyi ndi yabwino kwambiri. Koma pa chithunzi cha og:image, JPEG kapena PNG ndi zimene mungazidalire, chifukwa si maloboti onse amene amawerenga mitundu yatsopanoyi mofanana. Chenjerani ndi mapulogalamu amene amasintha zithunzi zonse za pa webusayiti kukhala WebP kapena AVIF osafunsa. Linki imene inkatuluka bwino dzulo ikasiya mwadzidzidzi, yambani kuyang'ana kumeneko. SVG siigwira ntchito pa og:image, ndipo HEIC imene iPhone imajambula kuyambira 2017 iyenera kusinthidwa kaye kukhala JPEG.

Malire a kulemera amasiyana. Facebook imalandira mpaka 8 MB, X mpaka 5 MB, koma WhatsApp imafuna chithunzi chosapitirira 600 KB, cha m'lifupi mosachepera mapikiselo 300. Imafunanso kuti mizere ya Open Graph ipezeke mkati mwa 300 KB zoyambirira za HTML. Ichi ndiye chifukwa chofala chimene linki imatulukira bwino pa Facebook koma yopanda chithunzi pa WhatsApp. Palinso china: pa WhatsApp, imene imakatenga chithunzicho ndi foni ya wotumizayo. Netiweki ikakhala yofooka, kapena akadina kutumiza kachithunzi kasanatuluke, uthengawo umapita wopanda kanthu, ndipo aliyense amene aupititse kwa ena adzaupititsa uli choncho.

Kwathu kuno nkhani ya kulemerayi ili ndi mbali inanso. Anthu ambiri amagula bandulo ya WhatsApp kapena ya Facebook yokha, imene siitsegula masamba ena. Kwa munthu wotero, kachithunzi ndi mutu wa linki ndi zokhazo zimene aone pa nkhani yanu. Amene ali ndi bandulo yotsegula zonse naye amawerengera. Tsamba la zithunzi khumi za 4 MB limadya 40 MB, ndipo pa liwiro la 1 Mbps chithunzi chimodzi chotere chimatenga masekondi 32, pamene cha 150 KB chimatenga sekondi imodzi ndi pang'ono.

Ndondomeko ya ntchito ili ndi kanthu. Yambirani pa fayilo yoyambirira ya mu kamera, osati imene yadutsa pa WhatsApp, poti imeneyo yafinyidwa kale. Wojambula akutumizireni ngati Document kuti ifike yathunthu. Dulani kaimidwe kamene mukufuna, chepetsani mapikiselo, kenako sungani ngati JPEG pa quality ya pakati pa 75 ndi 85. WordPress payokha imagwiritsa ntchito 82. Kupitirira 90 fayilo imanenepa msanga popanda phindu looneka, ndipo kutsika pa 60 timabokosi tija timayamba kuonekera kumwamba ndi pakhungu. Squoosh, TinyPNG ndi GIMP zimagwira ntchitoyi mwaulere. Finyani kamodzi kokha, chifukwa tsamba la mchezo lidzafinyanso, ndipo kufinya kulikonse kumawonjezera zipsera pa zakale. Musakulitse chithunzi chaching'ono kuti chifike pa 1200. Chimangokhala chachikulu chosaoneka bwino.

Mitundu ikazilala

Nthawi zina chithunzi chimatuluka chathunthu koma mitundu yake yazilala, chofiira chasanduka ngati njerwa. Nambala za mitundu zimene zili mu fayilo zimafuna tebulo lozimasulira. Limene intaneti imadalira ndi sRGB, lopangidwa ndi HP ndi Microsoft mu 1996. Akatswiri ojambula amakonda Adobe RGB, ndipo osindikiza mapepala amagwiritsa ntchito CMYK. Tsamba la mchezo likachotsa chizindikiro chonena tebulo limene lagwiritsidwa ntchito, foni imangoyesa kuti ndi sRGB, mitundu n'kusokonekera. Zimachitika kwambiri pamene amene anakonza positala yokasindikiza wapereka fayilo yomweyo kuti iikidwe pa webusayiti. Mankhwala ake ndi kusintha chithunzicho kukhala sRGB posunga.

Zimene chithunzi chimanyamula mobisa

Fayilo ya chithunzi imanyamulanso zolemba zosaoneka. Za mtundu wa EXIF, umene unayambira ku Japan m'zaka za m'ma 1990, zimalembedwa ndi kamera: mtundu wa foni, tsiku, nthawi, ndiponso malo enieni ngati GPS inali yoyatsa. Mu December 2012 magazini ya Vice inaika pa intaneti chithunzi cha John McAfee, woyambitsa kampani ya antivirus ya McAfee, amene apolisi a ku Belize ankamufunafuna, osachotsa zolembazi. Anthu anaziwerenga n'kuona kuti ali ku Guatemala.

Facebook ndi Instagram zimachotsa malowa pa kope limene anthu amatsitsa. Webusayiti yanu siichita zimenezo nthawi zonse, ndipo fayilo yoyambirira ikhoza kukhala pa seva ndi zonse zili momwemo. Ngati chithunzi chinajambulidwa pakhomo pa munthu, pa sukulu ya ana kapena pa malo osungirako anthu othawa nkhanza, chotsani GPS musanachikweze. Pulogalamu ya ExifTool imaonetsa ndi kuchotsa zolembazi.

Mu EXIF mulinso kachizindikiro konena mbali imene ili kumwamba. Foni siitembenuza chithunzi chenichenicho, imangolemba kuti chionetsedwe choimirira. Pulogalamu ikachotsa kachizindikiroka isanatembenuze mapikiselo, chithunzi chimatuluka chogona cham'mbali.

Zolemba za mtundu wina, za IPTC, zimanyamula dzina la wojambula ndi umwini wa chithunzi, ndipo Google Images imazionetsa kuyambira 2018. Batani lochotsa zonse limatayira limodzi GPS ndi dzina la wojambula, choncho ndi bwino kusankha zochotsa.

Mawu oyenda ndi chithunzi

Alt ndi mawu ofotokoza chithunzi amene amalembedwa mu khodi. Akhalapo mu HTML kuyambira zaka za m'ma 1990, pamene ma browser ena sankaonetsa zithunzi n'komwe. Lero amawerengedwa mokweza ndi mapulogalamu a pa foni monga TalkBack ndi VoiceOver kwa anthu osaona, amaoneka chithunzi chikakanika kutseguka, ndipo amathandiza Google kudziwa zimene zili pachithunzipo. Lembani zimene zikuoneka m'chiganizo chimodzi: "Mpando woluka ndi nsungwi wokhala ndi chotsamira chozungulira, uli pakhonde." Kudzaza alt ndi mawu osakira ndi ma hashtag kumavutitsa munthu amene akumvetsera. Alt ya pa tsamba siisamukira yokha pa masamba a mchezo. Pa linki pali mzere wake, og:image:alt, ndipo pa Instagram, imene inabweretsa alt mu 2018, mumalemba pamanja pokweza chithunzi. Dzina la fayilo nalo likhale lomveka, mpando-wa-nsungwi.jpg m'malo mwa IMG_4021.jpg, lopanda mipata kapena zizindikiro ngati ŵ ndi apostrofi, zimene zimatha kusokoneza adiresi.

Za mawu olembedwa pa chithunzi penipeni, ambiri amakumbukirabe lamulo la Facebook loti asapitirire 20 peresenti ya chithunzi. Linali la zithunzi za malonda olipira, ndipo linachotsedwa mu 2020. Malire enieni ndi sikirini ya foni. Chithunzi cha mapikiselo 1200 chimaoneka m'kamalo ka masentimita sikisi kapena seveni, ndiye mawu ochepa a zilembo zikuluzikulu ndi amene amawerengeka. Chiyeseni pa foni yotsika mtengo, panja dzuwa likuwala, osati pa kompyuta ya mu ofesi yokha.

Chakale chikakakamira, kapena loboti ikatsekeredwa kunja

Masamba a mchezo sabwerera pa tsamba lanu nthawi iliyonse imene linki yasheyedwa. Amasunga zimene anapeza ulendo woyamba, ndipo kope losungidwali limatchedwa cache. Facebook imazindikira chithunzi ndi adiresi yake, choncho mukaika chatsopano pa dzina lakale imayesa kuti palibe chasintha. Chipatseni dzina latsopano, sinthani og:image, chotsani cache ya webusayiti yanu, kenako lowetsani linkiyo mu Sharing Debugger ya Facebook n'kudina Scrape Again. LinkedIn ili ndi Post Inspector yogwira ntchito yomweyo. Fayilo yakaleyo musaifufute, poti mapositi akale akhoza kumaidalirabe. Chabwino koposa ndi kuyesa linki mu Debugger nkhani isanalengezedwe. Pa WhatsApp uthenga ukapita ndi chithunzi cholakwika, wapita basi.

Debugger ikamanena kuti yakanika kutenga chithunzi, kawirikawiri loboti yatsekeredwa. Ikhoza kukhala fayilo ya robots.txt yoletsa foda ya zithunzi, chitetezo choletsa maloboti chimene chakhwimitsidwa kwambiri, dongosolo loletsa masamba ena kugwiritsa ntchito zithunzi zanu, kapena satifiketi ya https imene yatha nthawi. Palinso lazy loading, njira yochedwetsa zithunzi mpaka wowerenga atafika pamene zili. Njira yakale ya JavaScript inkaika kachithunzi kopanda kanthu pamalo pa chenichenicho, ndipo batani la Pinterest linkapeza timabokosi totuwa tokhatokha. Njira ya loading="lazy", imene Chrome inayamba kulandira mu 2019 ndi WordPress mu 2020, ilibe vuto limeneli. Koma chithunzi chachikulu cha pamwamba pa tsamba chisachedwetsedwe: Google imayeza nthawi imene chinthu chachikulu cha pa sikirini chimatenga kuti chioneke, ndipo imafuna masekondi osapitirira 2.5.

Zimene sizinagwirizanidwebe

Palibe bungwe limene limakakamiza masamba a mchezo kutsatira muyezo umodzi, ndipo tsamba lililonse limasintha likafuna. Mu October 2023 X inachotsa mitu ya nkhani pa zithunzi za malinki, ofalitsa nkhani ena n'kuyamba kulemba mituyo pa chithunzi penipeni. Kumayambiriro kwa 2024 inaibwezeretsa ngati timawu ting'onoting'ono. Kodi ndi bwino kukonza chithunzi molingana ndi mmene tsamba likuonekera lero, kapena kupanga chimodzi chopirira kudulidwa kulikonse ngakhale chisakwane bwino paliponse? Mabungwe akuluakulu amapanga zingapo. Kwa munthu mmodzi amene akuyendetsa webusayiti yekha, yankho limadalira kumene owerenga ake amachokera.

Funso la umwini nalo lidakalipo. Mu 2012, ojambula atadandaula kuti zithunzi zawo zikufala popanda chilolezo, Pinterest inapereka mzere wa nopin woletsa kusunga zithunzi za pa tsamba lonse. Ena amaona kufala kwa chithunzi ngati kutsatsa kwaulere, ena ngati kuberedwa. Kudinda dzina pa chithunzi kumathandiza kuti mwini adziwike, koma likakhala pakona limadulidwa, likakhala pakati limaipitsa chithunzicho. Tsopano pawonjezekera maloboti otolera zithunzi zophunzitsira makina a AI, ndipo mwini tsamba akakhwimitsa chitetezo kuti awaletse, akhoza kutsekera limodzi ndi amene amapanga kachithunzi ka linki.

Chomaliza ndi cha zolemba zobisika zija. Mu 2021 makampani monga Adobe, Microsoft ndi BBC anakhazikitsa C2PA, dongosolo lolemba mbiri ya chithunzi mkati mwa fayilo: chinajambulidwa ndi chiyani, chinasinthidwa bwanji. Mu 2024 Meta, kampani ya Facebook ndi Instagram, inayamba kuika chizindikiro cha Made with AI pa zithunzi potengera zolemba zoterezi. Ojambula anadandaula kuti zithunzi zawo zenizeni, zimene anangozikonza pang'ono, zikulandira chizindikirocho, ndipo kampaniyo inasintha mawuwo kukhala AI info. Malangizo akale oti chotsani zolemba zonse kuti fayilo ipepuke ndi kuteteza chinsinsi tsopano akuwombana ndi oti zisungeni kuti anthu adziwe kumene chithunzi chachokera. Kodi kukonza kochuluka bwanji kumachititsa chithunzi kukhala cha AI? Nanga mbiriyo ipulumuka bwanji pamene masamba ambiri amaichotsa pofinya, ndipo munthu akhoza kungojambula sikirini n'kutumiza?